Kalata yodandaula kwa a bungwe la madzi: bwanji simutiuza madzi asanasiye?

Kwa a Bwana oyang'anira za makasitomala,
Bungwe lomwe limatigulitsa madzi kuno kwathu.
Kope lina lipite kwa a Khansala a wodi yathu komanso ku ofesi ya zaumoyo ku khonsolo.

Bwana,

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa ndithu, ndipo ndamuuza mwana wanga wamkulu kuti ayiike pa intaneti, mawa ndibweranso nayo ndekha ku ofesi kwanuko, chifukwa nambala ija munalemba pa bilu ndayiimba mpaka mayunitsi kundithera, imangolira osayankhidwa, ikayankhidwa akuti dikirani tikulumikizeni kenako foni thii. Ndine kasitomala wanu kwa zaka zoposa 10, mita ikadali m'dzina la malemu amuna anga, ndipo chiyambire sindinaduliridwepo madzi chifukwa cha ngongole. Ngakhale mwezi uvute bwanji bilu yanu ndimayamba ndi iyo pa Airtel Money ndisanagule ndi sopo yemwe.

Nkhani ndi ya sabata yathayi. Madzi anasiya Lachiwiri cha m'ma 5 koloko mmawa, anadzabwera Loweruka usiku anthu titagona. Masiku onsewo palibe amene anatiuza kalikonse, meseji ayi, pa wailesi ayi, ngakhale kapepala komata pa kiosiki ya madzi kapena pa chigayo ayi. Lachinayi masana ndi pomwe mwana wa aneba anationetsa pa foni yake chidziwitso chomwe munaika pa Facebook, chili m'Chingelezi chokhachokha, chikunena kuti Lachitatu kuyambira 8 koloko mpaka 4 koloko mukhala mukukonza paipi yaikulu ndiye madera akutiakuti ndi ena ozungulira madzi avuta. Dera lathu silinatchulidwe nkomwe. Ndiye ife tidziwa bwanji kuti tili m'gulu la ozungulirawo? Komanso mmene timachiwerenga chidziwitsocho nkuti madzi atasiya kale masiku awiri, ndipo 4 koloko yomwe munanenayo inali itadutsa kalekale mpopi uli gwa.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi choti ntchitoyo inali yokonzekera. Sikuti paipi inaphulika usiku mwadzidzidzi ayi, inu munadziwiratu, mainjiniya anu anakonza tsiku, munasungitsa zipangizo ndi galimoto, ndiye kuti Lolemba madzulo munali mukudziwa kale kuti kwathu kuno kuuma. Mukanandiuza Lolemba lomwelo ndikanadzadza dilamu yanga ya malita 200, zigubu zinayi, mabeseni ndi mapoto omwe, ndipo mavuto ndikufuna kukuuzaniwa sakanandigwera.

Pakhomo pano ndimasunga apongozi anga, mayi awo a malemu amuna anga. Anachita sitiroko chaka chatha, mbali imodzi sigwira ndipo sadzuka okha, zonse amathera pa mphasa. Tsiku lililonse ndimawasambitsa kawiri ndi madzi ofunda, ndimachapa zitenje ndi zofunda zawo mmawa uliwonse, ndikapanda kutero zilonda zakumsana zimayamba. Lachiwiri lija mu dilamu munali madzi osafika ndi theka lomwe, ndinawasambitsa ndikuphikira ana ndikuganiza kuti pofika madzulo abwera ngati mmene amachitira masiku ena. Lachitatu mmawa ndinangowapukuta ndi kansalu konyowa, zofunda zakuda ndinaziunjika mu beseni kuseli kwa nyumba ntchentche zili ng'waa. Agogowo kulankhula kumawavuta koma maso amaona, anandigwira dzanja ndi dzanja lawo labwinolo nkumangondiyang'ana misozi ili mbwembwe, amaganiza kuti ndatopa nawo. Ndinawauza kuti amayi si ine ayi, madzi kulibe, koma ndikukayika ngati anandikhulupirira. Munthu wamkulu ngati ameneyu kugona mu fungo masiku atatu chifukwa choti wina ku ofesi sanatumize meseji, Bwana zimenezi sizoona.

Usiku wa Lachitatu ine ndi mtsikana wanga wa Fomu 2 tinadzuka 3 koloko kupita ku mjigo wa kusukulu, tinapeza mzere wa ndowa wafika kale kumpanda, azimayi atakhala pansi afunda zitenje ena ana kumsana. Mjigo umodzi dera lonse. Pofika 7 koloko tinali tisanatunge ndipo anthu anayamba kukangana, mwana ndinamubweza kuti asachedwe kusukulu, anapita osasamba. Ine ndinatsikira kudambo komwe anthu anakumba zitsime m'mbali mwa mtsinje, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti chakumtunda kwake kuli zimbudzi zokumba ndi dzala lomwe anthu amatayako matewera a ana. Madziwo ndinatunga ndikudziwa, ndinalibe kochitira. Ochapira ndinagwiritsa choncho, akumwa ndinawiritsa pa mbaula makala a masiku atatu kuthera tsiku limodzi, chifukwa WaterGuard mu ma grosale onse apafupi anali atatha. Anyamata a kabaza nawo anayamba kuzungulira ndi zigubu zachikasu zija akugulitsa mtengo owirikiza kawiri, ukawafunsa kuti mwatunga kuti amangoti ndi abwino mayi gulani.

Ine kolera ndimamuopa chifukwa ndinamuona. Mliri uja unayambira ku Machinga mu March 2022 unafalikira m'maboma onse, anthu oposa 1,700 anamwalira mliriwo usanathe, mu December 2022 boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi imeneyo alangizi a zaumoyo amayenda khomo ndi khomo kugawa kolorini ndikutiuza kuti tisamwe madzi a m'zitsime zosatetezedwa, tizisamba m'manja ndi sopo pa madzi oyenda. Tinamvera. Koma mpopi ukauma masiku anayi osachenjezedwa, munthu upita kuti? Ubwerera ku chitsime chomwe anakuletsa chija. Ndiye nkhani yodziwitsa anthuyi musamayione ngati ndi ulemu chabe omwe mungapereke mukafuna, imakhudza moyo wa ana athu.

Kabweredwe ka madziwo nakonso kanali ndi zake. Popeza palibe amadziwa tsiku lomwe abwere, anthu ambiri anasiya mipopi yotsegula kuti akangoyamba amve. Aneba anga a nyumba yachitatu anali atapita kumaliro kumudzi, mpopi wa m'bafa unali otsegula, Lamulungu pobwera anapeza madzi alowa mpaka kuchipinda, matumba awiri a chimanga anyowa, matilesi ndi makope a ana zonse. Kwanga kuno mpopi unayamba ndi kupuma mpweya, fuuu fuuu pafupifupi ola lathunthu, ndinatenga tochi kukayang'ana mita ndikupeza kamuvi kakuzungulira liwiro chonsecho mu ndowa mulibe ndi dontho lomwe. Kenako kunabwera madzi ofiira ngati thobwa, a dzimbiri ndi matope, ndinataya ndowa zisanu ndisanaone oyera. Zonsezo mita yawerenga ndipo zibwera pa bilu yanga. Ndikupempha kuti mutumize munthu adzaone, mufananize ndi miyezi yam'mbuyo, mpweya ndi matope ine ndisalipire.

Sindikunena kuti madzi asamasiye. Ndakhala m'tauni muno nthawi yaitali, ndikudziwa kuti mapaipi ena ndi akale kuposa ine, anthu tachuluka kuposa mmene munkayalira mapaipiwo, ena amamanga nyumba pamwamba pa paipi, akuba nawo amazula mamita ndi zitsulo. Ndikudziwanso kuti mapampu anu amayendera magetsi, tonse tinaona mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, magetsi amazima maola ambirimbiri ndipo mathanki samadzadza, ife okhala kumtunda timakhala oyamba kuuma ndi omaliza kulandira. Nthawi imene ija sindinalembe kalata chifukwa chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Zomwe ndikukana ndi zoti inu mudziwe, ife osadziwa.

Ndipo njira zotiuzira muli nazo kale. Nambala yanga ya foni muli nayo, mwezi ndi mwezi meseji ya bilu imandipeza osaphonya, ndikachedwa masiku ochepa ina imabwera yondikumbutsa kuti mudula. Makina omwewo amene amatumiza bilu angathe kutumiza mizere iwiri m'Chichewa yoti mawa kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti madzi kulibe, tungiranitu. Meseji wamba imalowa ngakhale pa kafoni ka mabatani. Facebook imafuna foni yaikulu ndi bandulo, azimayi ambiri omwe ndinali nawo pa mzere wa mjigo uja alibe zimenezo, ndipo amene amatunga madzi pakhomo ndi iwowo, osati achinyamata omwe amakhala pa intaneti. Amene amagula pa kiosiki alibe ndi akaunti yomwe kwa inu, iwowa ndiye amangodzidzimuka apeza pa kiosiki pali loko, chonsecho mayi ogulitsa pamenepo mukanawauza dzulo lake akanauza aliyense obwera ndi ndowa.

Apa ndi pomwe ndikufuna a khonsolo nawo amve. Ndinakumana ndi a Khansala athu Lachisanu pamsika ndikuwafunsa, anandiuza kuti nawonso sanauzidwe, anamvera kwa anthu omwe amawaimbira foni kuwakalipira. Ndikudziwa kuti mapaipi si a khonsolo, koma anthufe ndi a khonsolo, misika ndi yawo, zimbudzi za mumsika ndi zawo, ndipo matenda akabuka amathamanga ndi iwowo. Sabata yonse ija chimbudzi cholipira cha mumsika chinali chotseka, ogulitsa nsomba ndi achipisi amatsukira mbale m'madzi amodzimodzi kuyambira mmawa, khonsolo ili chete koma ziphaso za msika amadula tsiku lililonse. Nthawi ya katemera wa poliyo mu 2022 galimoto ya chimkuzamawu inazungulira mpaka njira zathu zafumbi zino, panalibe mayi yemwe sanamve. Kukagwa maliro uthenga umachoka kwa amfumu kupita kwa mabuloko lida ndipo dzuwa lisanakwere dera lonse ladziwa. Mabuloko lidawo ali ndi gulu lawo la WhatsApp, mipingo imalengeza Loweruka ndi Lamulungu, ku mzikiti Lachisanu, aphunzitsi akauza ana pa asembule uthenga umafika pakhomo lililonse masana omwewo. Zonsezi zilipo ndipo sizifuna ndalama yambiri, chikusowa ndi munthu mmodzi ku ofesi kwanu oti ntchito yake ikhale kuimbira a Khansala ndi a zaumoyo ku khonsolo ntchito isanayambe, ndi mmodzi ku khonsolo oti autsitse uthengawo kwa anthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ntchito ikakhala yokonzekera tiuzeni kukadali masiku awiri, m'Chichewa, mutchule madera ndi mayina omwe ife timawatchulira, mpaka dzina la msika kapena sukulu ngati nkotheka, mawu oti madera ozungulira aja muwasiye. Paipi ikaphulika mwadzidzidzi tiuzenibe tsiku lomwelo kuti mwadziwa ndipo muli pa ntchito. Nthawi yomwe munalonjeza ikadutsa musangokhala duu, tumizani uthenga wina onena kuti zavuta, tiyembekezere mpaka liti, ngakhale nkhaniyo ikhale yowawa ife tidzadziwa kagawidwe ka madzi otsalawo. Zikapitilira tsiku limodzi galimoto ya thanki ija ibwere ndipo munene poti iyime ndi nthawi yake, chifukwa ulendo uno tinangomva mphekesera kuti inafika dera lina lakumunsi, kuno sitinayione. Muyambire kuchipatala chathu chaching'ono ndi kusukulu. Komanso madzi akatsala pang'ono kubwerera tichenjezeni kuti titseke mipopi ndipo oyambirirawo tisamwe.

Lamulo lopatsa anthu ufulu opeza uthenga kuchokera ku mabungwe a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ine sindine loya koma ndikukhulupirira kuti kudziwa tsiku lomwe mpopi omwe ndimalipira uume ndi kochepetsetsa komwe ndingapemphe. Ndikufuna yankho lolemba pasanathe masiku 14, lofotokoza chifukwa chomwe ntchito ya tsiku limodzi inatengera masiku onse aja, chifukwa chomwe dera lathu silinatchulidwe, ndi zomwe musinthe. Ndikapanda kumva kanthu ndikatula nkhaniyi ku CAMA, bungwe loteteza anthu ogula, ndi ku ofesi ya Ombudsman yomwe imamva madandaulo okhudza mabungwe a boma, ndipo azimayi 23 a m'dera lino alemba kale mayina awo pa pepala lomwe ndibwere nalo mawa limodzi ndi bilu zanga za miyezi 6 yapitayi. Nambala ya akaunti ndi ya foni ndalemba pa kope lomwe ndikusiyireni ku ofesilo.

Apongozi anga chilonda chimodzi chatseguka pa chiuno kuchokera sabata imene ija, Lachiwiri ndikuyenera kubwereka wilibala kapena kulipira galimoto kuti ndiwatengere kuchipatala akachione.

Ndine kasitomala wanu,
Mayi wa ana atatu, okhala kumtunda kufupi ndi thanki yanu yakale.