Kupweteka kumunsi kwa mimba kwa mayi kusafulumire kutchedwa cham'mimba

Akonzi,

Ndiloleni ndifotokoze zomwe zinamuchitikira mng'ono wanga, chifukwa ndikukhulupirira kuti amayi ambiri amavulala ndi vuto lomweli mosadziwa. Anadzuka pakati pa usiku m'mimba mukumupotokola kumunsi chakumanja, akusanza, ndipo pachipatala chaching'ono anamupatsa panado n'kumuuza kuti ndi cham'mimba chabe. Kutacha, ululu utakula moti sankatha kuwongoka, anatitumiza kuchipatala chachikulu ndi kalata yonena kuti akuganizira apendikisi, kathumba kakang'ono ka kumatumbo kamene nthawi zina kamatupa.

Dokotala wa kumeneko anayamba wafunsa tsiku limene anasamba komaliza, kenako anayeza mkodzo kuti aone ngati ali ndi pakati, asanamujambule m'mimba ndi sikani. Sikaniyo inaonetsa chotupa chachikulu ngati lalanje pa thumba la mazira, ndipo pa opaleshoni anapeza kuti thumbalo linali litapotoka n'kutsekereza magazi mpaka kuda bii. Analichotsa, koma la kumanzere lilipo, choncho angathe kudzaberekabe.

Sindikuwada a pachipatala chaching'ono aja, popeza apendikisi ndi thumba la mazira la kumanja zimayandikana kwambiri, ndipo zonse zimabweretsa ululu mbali imodzi, nseru ndi kusanza. Ululu wa apendikisi nthawi zambiri umayambira pamchombo n'kumatsikira kumanja pakapita maola, pamene wa thumba lopotoka umabwera mwadzidzidzi, nthawi zina n'kumaleka ndi kuyambanso. Palinso mimba yokhala mu njira ya mazira kunja kwa chiberekero, imene ikaphulika magazi amatayikira m'kati, mayi n'kumamva chizungulire, mwinanso kupweteka paphewa. Imeneyi imapha msanga kwambiri, komabe kuyeza mkodzo kwa mphindi zochepa kumathandiza dokotala kuiganizira.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti timapepala toyezera mimba tisamasowe m'zipatala zazing'ono, ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka wobwera ndi ululu wotere aziyezedwa ndi kutumizidwa kumene kuli sikani tsiku lomwelo. Achibale nafenso tili ndi mbali yathu: mtsikana akamafunsidwa za kusamba tizituluka panja, chifukwa pamaso pa mayi ake kapena azakhali ake sanganene zoona, ndipo yankho limenelo ndi limene dokotala amayambira.

Mayi wokhudzidwa,
Ntcheu