Galu wa Nguluwe Samagulidwa ndi Maonekedwe

Akonzi,

Ndili kuno ku Harare, ku Mbare, koma ndinakulira kumudzi komwe nguluwe zimatha chimanga ndi chinangwa usiku umodzi wokha. Zikundiwawa kuona anyamata akutaya madola pa agalu akuluakulu a mtundu wa Boerboel ati akasakire nguluwe, galu olemera choncho amatopa msanga ndipo nguluwe ikatembenuka mano ake aja amang'amba mimba kamodzi basi. Rhodesian Ridgeback ndiye bola, mtundu wake anaukhazikitsa ku Bulawayo mu 1922, amathamanga osatopa komanso amadziwa kuizinga nyama osaiyandikira. Koma ine mtima wanga uli pa agalu athu achikuda, agogo anali nawo atatu, oonda, makutu ong'ambikang'ambika, amauwa mozungulira mpaka mkondo utafika. Wina anafa nditamunyamula, ndimakumbukabe.

Owerenga wanu,
Mbare