Vuto si Linux ayi, ndi madiraiva

A Mkonzi,

Kuno ku Harare anyamata okonza makompyuta akumaika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows, m'malaputopu akale, koma ka Wi-Fi ka pa USB kakangokana kugwira basi ati Linux njachabechabe. Ayi ndithu abale. Kachipangizo kalikonse ka USB kapena PCI (polumikizira zipangizo mkati mwa kompyuta) kamadzitchula ndi manambala awiri, ya kampani ndi yakeyake, ndiye kernel, mtima wa Linux, imasaka diraiva (kapulogalamu koyendetsa kachipangizoko) yogwirizana nawo, lembani lamulo loti lsusb mu Linux muone a USB nokha. Pamavuta mpakuti API ya mkati mwa kernel, njira imene madiraiva amalankhulirana nayo, imasinthasintha, ndipo akaisintha amakonzanso madiraiva okhawo ali mkatimo, pomwe amene makampani amasunga kunja aja amatha kufa mukapanga update. Musanagule tima adaputa totchipa tamumsewu funsani kaye chip yake (ubongo wa kachipangizoko) kuti mudziwe ngati diraiva yake ili m'kernel, ogulitsawo akakwiya akwiye.

Ine wowerenga wanu,
Mbare, Harare