Babu kuyaka sikuti batire lili ndi moto

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi. Ine ndi m'Malawi koma ndili kuno ku Joni, ntchito yanga ndi yamawaya pa garaja ina yake komwe timakonza magalimoto ogonamo aja amati ma camper. Mwina munawaonapo pa boda ya Mwanza kapena ya Dedza, tenti padenga, zigubu kumbuyo, akulowera ku Cape Maclear kapena ku Nyika. Mkatimo mumakhala firiji, mababu, kapampu ka madzi, potchajira mafoni, ndipo zonsezi zimadya batire usiku onse injini ili chete.

Chandilembetsa kalatayi ndi batire la sola lomwe ndinawagulira mayi anga ku Thyolo. Ndabwera kudzawaona, ndapeza lafa, chaka chisanathe nkomwe. Ndikufunsa akuti mwanangu anakugulitsa chinthu chabodza, limangoyaka pang'ono kenako thii. Koma nditaliyeza ndinaona kuti batirelo linalibe mlandu, analipha ndi apakhomo pomwepo mosadziwa, ndipo ndikaganiza makomo angati kumudzi kwathu ali ndi panelo padenga masiku ano ndinati ayi nkhaniyi ndiyilembe basi.

Mu camper timaika mabatire awiri. Lina ndi lolizira injini, limenelo sitilikhudza, lina ndi la m'nyumba, lodyetsa firiji ndi magetsi, nde pakati pake timaikapo kachipangizo kowalekanitsa injini ikazima kuti firiji isayamwe onse awiri mmawa nkupezeka mukukankha galimoto pakati pa thengo. Mabatirewa ndi osiyana kapangidwe. Lagalimoto limapereka moto wambiri kamphindi kochepa kenako alternator, kachipangizo kotchaja batire injini ikamalira, nkulibwezera, pomwe la m'nyumba, lomwe amati deep cycle, analipanga kuti lizikoka pang'onopang'ono nthawi yaitali. Kwathu ambiri timangotenga lagalimoto nkulumikiza ku sola poti ndi lotchipa, miyezi ingapo lagona.

Ine phunziro langa ndinalipezera ku Tete. Tinkaperekeza kasitomala wina ndi camper yake, tadutsa Beitbridge, Nyamapanda, tafika ku Tete mu Okutobala, amene anadutsako nyengo imeneyo akudziwa kutentha kwake, mphepo yomwe imakhala ngati yatuluka mu uvuni. Titangozimitsa injini ndinayang'ana kamita, kakuonetsa 13 ndi kanthu, ndinati eya ladzadza tigone. Mbandakucha firiji yazima yokha, nyama yonse yafewa, mkaka wasasa, bwana uja nkhope gwaa osandiyankhula mpaka pa Zobue. Chinachitika nchakuti batire likangochoka kumene pa tchaji limanama, nambala imakwera pamwamba chabe ngati thovu la thobwa pomwe pansi palibe kanthu. Waya wochokera ku alternator unali wowonda, nde ulendo onse uja batire la m'nyumba limangolawa, silinakhute, kenako firiji pakutentha paja imangolira osapuma.

Nde manambala ake ndi awa, a batire la asidi la 12 volts, ndipo muziyeza litapuma, mutazimitsa zonse, dzuwa litalowa kapena mmamawa lisanatuluke, patadutsa maola angapo. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ndiye ladzadza. Pa 12.4 latsala magawo atatu mwa anayi. Pa 12.2 lili pa theka, ndipo apa ndi pomwe muyenera kuima, zimitsani TV. Anthu amaona 12.0 nkumati aa si ndi batire la 12 ili, lili bwinobwino, pomwe pamenepo latsala ngati kotala chabe. Kusiyana kwa batire lokhuta ndi lanjala sikufika volt imodzi yathunthu, nchifukwa chake timamita ta mababu atatu obiriwira tija sitithandiza kwenikweni, pamafunika ka manambala. Masana likamatchaja muona 13.8 mpaka 14.4, musasangalale nazo, imeneyo ndi mphamvu ya panelo osati ya batire.

Tsono vuto la babu la LED ndi loti limadya pang'ono kwambiri moti limayakabe ngakhale batire lili pa 11.5, nde pakhomo amaona kuwala nkumati moto ulipo. Batire la asidi mukamalikama mpaka pansi tsiku ndi tsiku, nkumaligoneka lanjala, mkati mwake pa timapuleti tija pamamera zoyera zolimba ngati mchere, ndipo zikauma sizichokanso, batire la 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga) limasanduka ngati la 30. Limadzadza msanga, kuthanso msanga. Mukaona batire lanu likuti ladzadza 10 koloko mmawa musati dzuwa lalero ndi laukali, ndiye kuti mimba yake yachepa.

Kwa mayi zinali chonchi. Panelo ndi ya 100 watts, tsiku la dzuwa labwino imabweza mwina ma Ah 25 kapena 30. Koma adzukulu awo analumikizapo inverter, kachipangizo kosintha moto wa batire kuti ukhale ngati wa ESCOM, ndi TV ya 60 watts, masamu ake ngosavuta mumangogawa ndi 12, ndiye ma amp 5, kutanthauza ma Ah 5 pa ola, kuonjezapo zomwe inverter imadya yokha. Mpira umodzi, kenako filimu, maola 5 apita, ma Ah 25 amenewo, tisanawerenge mababu ndi mafoni a mudzi onse omwe amabwera kudzatchajitsa poti agogo sakaniza munthu. Nde ifike June ndi July, chiperoni chagwira masiku anayi dzuwa osaoneka, panelo ikubweza pang'ono koma TV ikuyakabe ngati kale. Choipitsitsa ndinapeza mwana wina anachotsa controller, kabokosi kokhala pakati pa panelo, batire ndi magetsi, nkulumikiza mawaya molunjika ati imavuta imangozimitsa magetsi mpira uli mkati. Imazimitsa dala kuti iteteze batire! Mlonda ameneyo anamuchotsa ntchito chifukwa chogwira ntchito yake.

Mu ma camper a anthu andalama sitidaliranso ma volts okha, timaika chinthu amati shunt, pa waya wa negative pafupi ndi batire, moto onse olowa ndi otuluka umadutsa pamenepo nkumawerengedwa. Zili ngati kabuku ka banki mkhonde, zasungidwa zingati, zabwerekedwa zingati, zatsala zingati. Za kampani ya Victron ya ku Netherlands zimaonetsa mpaka pa foni kudzera pa Bluetooth, munthu ali chigonere mu tenti nkuona kuti latsala 64 peresenti. Koma nako kabukuka kamasokonekera ngati batire silikufika podzadza kwa masiku ambiri, kapena ngati wina waba moto polumikiza waya kuseri kwa shunt, zomwe ndimazipeza kawirikawiri anthu akaonjezera okha tinthu tawo.

Pa mabatire a lithium omwe ayamba kuchuluka m'mashopu ano shunt ndiyofunika zedi, chifukwa amenewo amangokhala pa 13.2 kapena 13.3 kuchokera pafupifupi podzadza mpaka atatsala pang'ono kutha, kenako mwadzidzidzi phwii azima okha. Ubwino wake mutha kuwakama kwambiri osafa ngati a asidi. Koma safuna kutchajidwa kukazizira mpaka madzi kuundana, nde makasitomala opita ku Chelinda ku Nyika mu July timawachenjeza ndithu, kumeneko chisanu chake si chamasewera.

Sindikunena kuti agogo kumudzi agule za Bluetooth ayi, ndalama yake angagulire feteleza. Kamita ka manambala kokwana m'manja nkokwanira, ndipo ngati batire lanu ndi lotsegula pamwamba muzisuzumiramo mwezi ndi mwezi, madzi akatsika, mapuleti asanayambe kuonekera, thiranimo madzi a batire ogula aja, osati apachitsime, osatinso asidi, chifukwa chomwe chimauma ndi madzi asidi amatsala momwemo.

Chodandaula changa chili kwa ogulitsa. Munthu wasunga ndalama ya tiyi kapena ya nandolo chaka chonse, mwamugulitsa panelo ndi batire, mwamuyikira mu katoni, osamuuza ngakhale nambala imodzi yoti aziyang'ana. Ife kuno camper siituluka pageti mwini wake tisanamukhazike pansi nkumuonetsa mita. Kapena mwina ena zimawakomera batire likafa msanga poti abweranso kudzagula lina, kaya. Inunso akonzi, tsamba la zaulimi mumatiphunzitsa kathiridwe ka feteleza, tapatulaniko kakona kamodzi ka za sola m'Chichewa chomveka.

Mayi ndawagulira lina, la deep cycle ulendo uno, controller ndabwezeretsa ndipo ndamata mawaya ake ndi tepi kuti ndikadzabwera ndidzaone ngati wina anagwirapo. Kamita ndakakhomera pakhoma pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, pambali pake ndalemba ndi makala 12.2 nkuzunguliza. Dzulo andiimbira pa WhatsApp akuti kakuonetsa 12.3 ndipo ana akufuna kuonera Bullets, ndiwalole kapena ayi. Ndawauza kuti aonere chigawo choyamba chokha, chachiwiri akamvere pa wailesi.

Ine wanu,
Wamawaya wa ku Thyolo,
Johannesburg