Lipoti la msonkhano wa achinyamata osankha ntchito yoyamba

Abambo apampando, amayi msungichuma, alembi, makolo athu ndi achinyamata nonse a gulu lathu la anthu a kum'mawa okhala muno mu Lusaka, nali lipoti la msonkhano umene munandituma. Unachitikira mu holo ina cha ku Great East Road, ndipo unakonzedwera achinyamata amene angomaliza kumene ku koleji kapena ku yunivesite. Ndalama ya basi ndi ya chakudya cha masana ndinalandira, malisiti ali kale m'manja mwa amayi msungichuma. Ndamva kuti ena akufunsa chifukwa chimene gulu lalipirira munthu kupita ku msonkhano wa mu mzinda womwe tikukhalamo. Ndikupempha muwerenge kaye, muweruze pambuyo.

M'mawa wonse unathera pa malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Panalinso phunziro la kalembedwe ka CV ndi kavalidwe pa intaviyu, zinthu zimene ana athu anaphunzira kale.

Chimene chinandikhazika tsonga chinabwera titadya. Mayi wina amene wagwira ntchito yolemba anthu ntchito kwa zaka zambiri anajambula payslip pa bolodi, nati tiyerekeze kuti mwana wapeza ntchito ya K7,000 pa mwezi muno mu Lusaka. Kuyambira 2024 ndalama yosadulidwa msonkho ndi K5,100, ndipo yotsala pamwamba pake mpaka K7,100 amadula 20 peresenti, ndiye msonkho wa PAYE watenga K380. NAPSA, ya penshoni, yatenga 5 peresenti, K350. NHIMA, inshuwalansi ya umoyo, yatenga 1 peresenti, K70. M'thumba mwalowa K6,200, asanachotse ngongole ya maphunziro ya HELSB ngati anaitenga. Pamenepo anasiya kulemba, natiuza kuti aliyense aike yekha lendi ya kumene akukhala, ndalama ya minibasi, malasha, madzi ndi ndiwo za pa msika. Ine ndinawerengera mwana wokhala ku Chawama amene ntchito ili ku Chelstone: basi imodzi kufika m'tauni, kuyenda wapansi kukakwera ina, madzulo chimodzimodzi. Mabasi anayi pa tsiku, ndipo ayenera kudzuka kusanache chifukwa cha mzere wa magalimoto. Mu holo munangoti zii, aliyense akuyang'ana pepala lake.

Kenako anaika pambali pake payslip ya mphunzitsi kapena namwino wa boma amene watumizidwa kumudzi. Kumeneko kuli alawansi ya rural hardship, 20 peresenti ya malipiro oyambira, ndipo malo akutali kwambiri ali ndi remote hardship, 25 peresenti. Ngati pa sukulu pali nyumba ya aphunzitsi, lendi ndi basi zachoka. Ngati palibe, alawansi ya nyumba imagula malo abwinopo ku Chadiza kuposa chipinda cha ku Kanyama. Chimanga, nyemba ndi nsinjiro amagula kwa alimi enieniwo, mwinanso a mfumu amubwereka kamunda. Mfundo ya mayiyo inali yakuti ntchito ziwiri zisamayerekezedwe ndi nambala yolembedwa pa kalata, koma ndi ndalama yotsala pa tsiku lomaliza la mwezi. Ine ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndikufuna mwana aliyense wa gulu lino achite masamu amenewa asanayankhe kalata iliyonse.

Apa ndiyenera kunena chimene chakhala chikundivuta. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi ogwira ntchito za umoyo 11,276, ndipo ambiri anatumizidwa kumene kunalibe anthu okwanira, ndiye kuti kumidzi. Mukukumbukira mng'ono wathu wamkazi wa m'gulu lino amene dzina lake linatuluka pa sukulu ina ya ku Vubwi. Pa msonkhano wathu tinamuuza chiyani? Ena anati adikire, malo a ku Lusaka apezeka. Ena anati mtsikana wophunzira sangakakhale kuthengo. Iye anatimvera chifukwa ndife makolo ake kuno. Lero akugulitsa zovala za salaula, ndipo satifiketi ili m'sutikesi. Palibe amene anabwererapo pa nkhaniyi, ine yandipweteka mpaka lero. Chaka chilichonse mu Ogasiti timadzaza basi kupita ku Kulamba ku Mkaika kukagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, timanena kuti kwathu ndi kumeneko. Nanga bwanji mwana akapatsidwa ntchito kwathu komweko timalankhula ngati watayidwa? Ana a alongo athu amene ali m'makalasi a ku Vubwi adzaphunzitsidwa ndi ndani?

Ndibwerere ku msonkhano. Wachiwiri kulankhula anali injiniya wa ku migodi ya ku North-Western, kumene kuli Kansanshi ku Solwezi, Sentinel ku Kalumbila ndi Lumwana. Anavomera kuti ndalama kumeneko ilipo, koma anachenjeza kuti nyumba za lendi ku Solwezi si zotchipa, ndipo ntchito ya mashifiti imalekanitsa munthu ndi banja. Chimene ndinalemba ndi dzanja langa ndi funso limene iye anati mwana azifunsa pa intaviyu: kodi ndidzagwira pansi pa ndani, ndipo ndidzaphunzira chiyani m'manja mwake? Anati injiniya wachinyamata amafunika munthu wamkulu wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya, woti azimuwongolera, ndipo wowerengera ndalama amafunika zaka za ntchito yeniyeni kuti akwere m'kaundula wa ZICA, bungwe la owerengera ndalama. Ofesi yokongola ku Longacres kumene ntchito yako ndi kujambula mapepala pa makina ndi kuyankha foni siikupatsa zimenezo, ngakhale pa chitseko alembe dzina lalikulu.

Pa mfundoyi panabuka mtsutso, ndipo unali wabwino. Namwino wina anaimirira nati kumudzi munthu amaphunzira msanga chifukwa zonse zili pa iye: kubadwitsa, katemera, kusunga mankhwala, kulemba malipoti. Wina anamuyankha kuti kukhala wekha pa kiliniki ulibe wokufunsa ndi kuika moyo wa odwala pangozi, ndipo zolakwa zimene palibe wokudzudzula zimasanduka chizolowezi. Onse awiri ananena zoona. Maganizo anga ndi akuti kutalika kwa malo si kumene kuyenera kumuopsa mwana. Afufuze ngati pali wamkulu woti amuphunzitse, ngati netiweki ya foni imafika, ndi ngati msewu umadutsika nthawi ya dzinja. Zitatuzi zikakhalapo, apite.

Loya wina anatifotokozera za Employment Code Act ya 2019. Nthawi yoyesedwa pa ntchito isapitirire miyezi itatu, ndipo ikhoza kuwonjezedwa ndi miyezi ina itatu yokha. Wogwira pa kontirakiti ya nthawi yaitali ayenera kulandira gratuity, ndalama yoperekedwa pa mapeto a kontirakiti, yosachepera 25 peresenti ya malipiro oyambira ikatha. Ndinaganizira ana athu angati amene akupita ku ntchito m'tauni muno chaka chonse alibe pepala lililonse, akungopatsidwa ya basi, akuuzidwa kuti adakali kuphunzira. Amapirira chifukwa choti ntchitoyo ili mu Lusaka, ndipo ife timawauza kuti bola akudzuka m'mawa. Ndikupempha makolo tisiye kunena mawu amenewa.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndabwera kudzanyoza Lusaka, pakuti inenso ndimadya muno. Wofuna kupitiriza maphunziro madzulo, makalasi ali pafupi. Makampani ambiri malikulu awo ali kuno, ndipo nkhani ya malo otseguka imamveka msanga. Amene ali ndi kholo lodwala lofunika ku chipatala cha UTH mwezi ndi mwezi ali ndi chifukwa chomveka chokhalira. Komanso wolowa m'boma adziwe kuti kusamutsidwa si kwapafupi: onani pa Facebook kuchuluka kwa aphunzitsi ofuna wosinthana naye malo. Asapite ndi mtima wakuti pakatha chaka ndibwerako. Koma tisamanene ngati mavuto onse ali kumudzi. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambirimbiri muno momwemo, ndipo kolera ya 2023 mpaka 2024 inavuta kwambiri m'makomboni athu, mpaka odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium.

Pali china chimene sichinatchulidwe pa msonkhano koma ife tikuchidziwa bwino. Mwana wa kum'mawa akapeza ntchito mu Lusaka, nyumba yake imasanduka siteshoni ya mabasi ya Intercity yachiwiri. Wobwera ku chipatala afikira kwa iye, wofuna pasipoti kwa iye, wodzafuna ntchito akhala miyezi. Kulandira abale ndi mwambo wathu ndipo sindikuutsutsa, koma ndalama imeneyo iikidwenso pa pepala lija, chifukwa imatuluka m'thumba lomwelo la K6,200.

Gawo lomaliza linali la kuyamba bizinesi ndi ngongole za achinyamata za CDF. Olankhula anangowerenga zolembedwa, ndipo mapepala ake ndabweretsa kwa amene akuwafuna.

Tsopano pempho langa, limene si lachilendo kwa inu. Olankhula onse anavomereza kuti chimene chimagwetsa ana ambiri mphwayi ndi miyezi yoyamba: basi ya ku Chipata, mtunda woposa makilomita 550, kenako galimoto ina yolowa kumudzi, matilesi, mapoto, ndi chakudya podikira malipiro oyamba amene nthawi zina amachedwa. Chaka chatha ndinapempha kuti tikhale ndi thumba lobwereketsa mwana wotere, adzabweze akayamba kulandira. Munati tidzaona, koma m'maminitsi nkhaniyi mulibe, ndipo mwezi womwewo ndalama inapezeka ya zitenje za yunifomu. Zitenjezo ndinavala nawo, koma sindinaleke kufunsa kuti chofunika kwambiri chinali chiti. Alembi, chonde nkhaniyi ilembedwe pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu, ndipo tivote poyera.

Ndikupemphanso abambo apampando kuti atilole, ine ndi amayi awiri achikulire, tikamuone mng'ono wathu uja, timulimbikitse alembetsenso boma likadzalengeza malo ena, ndipo chilolezo chake cha ku Teaching Council of Zambia tione ngati chili bwino. Achinyamata amene muli ndi makalata a ntchito m'manja, bwerani nawo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, mubwerenso ndi mtengo wa lendi wa kumene akukuitanani. Ndidzakhala ndi pepala ndi cholembera, tidzawerengere limodzi.