Kalata kwa Bwana Brad Treliving: Marner wapita, nanga ife mwatisiyira chiyani?

Toronto, Julayi 2025

Bwana Treliving,

Landirani ulemu wanu monga mkulu woona za osewera ku timu ya hockey ya pa ayezi ya Toronto Maple Leafs. Moni ndi womwewo. Takhala tikudandaula pa wayilesi, pa intaneti ndi m'bwalo momwe, ndiye lero ndati ndilembe poyera kuti aliyense awerenge.

Mitch Marner wapita ku Vegas Golden Knights. Mwana wa konkuno, wobadwira ku Markham, amene timu inamusankha pa nambala 4 mu draft (mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira osewera achinyamata) ya 2015, ndipo wangomaliza kumene chaka ndi mapointi 102: zigoli 27 ndi mapasi 75 obala zigoli. M'malo mwake mwatibweretsera Nicolas Roy. Sindikumunyoza Roy ayi. Ndi wamtali, wolimbikira, amasewera pakati, ndipo anatenga nawo chikho cha Stanley Cup ku Vegas komweko mu 2023. Koma chaka chathachi anapeza mapointi 31. Wa 102 watuluka, wa 31 walowa, ndipo palibe china chimene mwawonjezera pamwamba, ngakhale mwayi umodzi wosankha wachinyamata mu draft.

Ndipo Roy yemweyo mwamupeza chifukwa cha kalamulo kamodzi. Mu ligi yathu ya NHL, timu imene wosewera ali ndiyo yokha ingamupatse kontilakiti ya zaka 8. Timu ina imalekeza pa zaka 7. A Vegas amafuna zaka 8, madola 96 miliyoni, ndiye Marner anasaina kaye ndi inu kenako n'kumusamutsa. Pakanapanda lamulo limeneli, pa 1 Julayi akanangonyamula chikwama chake n'kumapita, ife n'kutsala manja lende. Zaka 9 mnyamatayu akusewera kuno, mtengo wake pamapeto pake unali chaka chimodzi chowonjezeracho basi.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Munena kuti kontilakiti ya Marner simunalembe ndinu. N'zoona. Anailemba ndi a Kyle Dubas, amene anali pa mpando wanuwo inu musanabwere, mu Seputembala 2019, zaka 6, madola pafupifupi 10.9 miliyoni pachaka, ndipo ndi iwo amene anaikamo mfundo yoti zaka ziwiri zomaliza Marner sangasamutsidwe kupita kulikonse iye asanavomere. Koma mfundoyo inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2023, ndipo inu munalowa mu ofesi pa 31 Meyi 2023. Munali ndi mwezi wathunthu umene mukanatha kumusinthanitsa ndi timu iliyonse mu ligi popanda kupempha chilolezo kwa wina. Panthawiyo anali ndi zaka 26, atangopeza mapointi 99, ndipo wogula akanakhala naye zaka ziwiri zathunthu pa mtengo wodziwika kale. Pamenepo ndi pamene Marner anali wodula kuposa nthawi ina iliyonse. Mwezi umodzi ndi wochepa kwa munthu wachilendo pantchito, sindikukana. Koma inu ku nkhani yotereyi simunali mlendo.

Mu Julayi 2022 munali mkulu wa Calgary Flames. Johnny Gaudreau, Mulungu awuse mzimu wake, anakuchokerani ulere kupita ku Columbus atapeza mapointi 115. Patangopita masiku, Matthew Tkachuk anakuuzani kuti sasaina kontilakiti yaitali, ndipo simunazengereze: munamutumiza ku Florida n'kulandira Jonathan Huberdeau, MacKenzie Weegar, wachinyamata mmodzi ndi mwayi wosankha m'ndime yoyamba ya draft. Kuti Huberdeau anadzatsika kuchoka pa mapointi 115 kufika pa 55 mutamupatsa madola 84 miliyoni, imeneyo ndi nkhani ina. Chachikulu n'chakuti m'mwezi umodzi womwewo munaona ndi maso anu njira zonse ziwiri: wina amene munamudikira anapita chabe, wina amene munamufunsa msanga anakubweretserani anthu. Ndiye mutafika kuno munasankhiranji njira yodikira?

Chinapita chilimwe cha 2023. Chinafika cha 2024, pamene malamulo anali atakulolani kumupatsa kontilakiti yatsopano, ndipo sanasaine. Munthu akakhala kuti watsala ndi chaka chimodzi, sakusaina, ndipo makiyi a chitseko ali m'thumba mwake, zimene zikubwera aliyense amaziona. Imeneyo ndiyo inali nthawi yokhala naye pansi n'kumuuza kuti, mphwanga, ngati sukhala, tipatse mayina a matimu amene ungavomere kupitako. Munthu amavomera kusamuka mu Julayi, pamene ali ndi mpata wofuna nyumba. Inu, malinga ndi zimene atolankhani analemba, munakamufunsa mu Malichi 2025, tsiku lotseka msika litayandikira, mkazi wake ali woyembekezera, kuti apite ku Carolina posinthana ndi Mikko Rantanen. Anakana, ndipo unali ufulu wake. Ndani akanavomera? Mwachita ngati mlimi wosunga chimanga m'nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere, mpaka anankafumbwe amuthandiza kumaliza.

Taonani zimene anzanu anachita ndi Rantanen yemweyo, amenenso kontilakiti yake inkatha chaka chomwechi. A Colorado ataona kuti sakugwirizana pa ndalama, mu Januwale anamutumiza ku Carolina n'kulandira Martin Necas, Jack Drury ndi mwayi wa mu draft. A Carolina ataona kuti nawonso sawasainira, sanachite manyazi: patangotha masabata 6 anamupititsa ku Dallas n'kulandira Logan Stankoven, mwayi uwiri wa m'ndime yoyamba ndi uwiri wa m'ndime yachitatu. Rantanen anasaina ku Dallas zaka 8, madola 96 miliyoni, ndalama zofanana ndendende ndi za Marner. Osewera awiri a mtengo umodzi: pa wina matimu awiri anakolola, pa wina ife tapeza Roy.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti pamene Marner amatsika mtengo m'manja mwanu, inu munali kugulitsa za mawa. Pa 7 Malichi munatenga Brandon Carlo ku Boston n'kupereka Fraser Minten ndi mwayi wa m'ndime yoyamba wa 2026. Tsiku lomwelo munatenga Scott Laughton ku Philadelphia n'kupereka Nikita Grebenkin ndi wa 2027. Wa 2025 unali utapita kale ku Chicago pa nkhani ya Jake McCabe nthawi ya a Dubas. Zaka zitatu zotsatizana. Mu ligi imene ili ndi malire a malipiro, achinyamata a m'ndime yoyamba ndiwo amapulumutsa timu, chifukwa zaka zawo zitatu zoyambirira amalandira pafupifupi miliyoni imodzi kapena kucheperapo koma ena amasewera ngati a mamiliyoni 6. Popanda iwo, mpata uliwonse mu timu mumaugula pamsika pa mtengo wokwera. Zonsezi munalipira kuti tikafike pati? M'masewero achipulula tinapambana Ottawa, tinatsogola Florida magemu awiri kwa duu, kenako pa 18 Meyi, gemu ya nambala 7, yomaliza, pakhomo pathu, tinakwapulidwa 6-1. Anthu amene analipira matikiti odula aja anavula majezi n'kuwaponya pa ayezi. Brad Marchand, amene a Florida anamutenga ku Boston tsiku lomwe lija inu mumatenga Carlo, ndiye amativina.

Matendawa ndi akale, ndipo ndingowatchula mwachangu. Mu 2019 timu inapereka mwayi wa m'ndime yoyamba kwa Carolina kuti angotilandira kontilakiti ya Patrick Marleau. Ndi mwayi umenewo a Carolina anasankha Seth Jarvis. Chaka chomwecho Nazem Kadri anapita ku Colorado, ndipo mu 2022 anakweza chikho. Mu 2021 Zach Hyman anapita ulere ku Edmonton chifukwa ndalama zinalibe malo, n'kukamwetsa zigoli 54 m'chaka chimodzi. Za inu mwini: zaka zitatu kwa Ryan Reaves ali ndi zaka 36, zaka zinayi kwa David Kämpf, zaka 6 kwa Chris Tanev ali ndi zaka 34. Tanev wasewera bwino, ndimamukonda, koma munthu wotchinga ma puck (kampira ka hockey) ndi thupi lake adzakhala ali bwanji pofika zaka 40?

Muzu wake ndi masamu osavuta. Chaka chathachi malire a malipiro anali madola 88 miliyoni pa timu. Auston Matthews amadya 13.25, William Nylander 11.5, John Tavares 11, Marner pafupifupi 10.9. Anthu anayi, onse akutsogolo, kupitirira 46 miliyoni, ndiye kuti kuposa theka, pamene timu imakhala ndi osewera mpaka 23. Magoloboyi, otseka kumbuyo ndi ena onse amagawana zotsalazo. Ndikudziwa kuti mliri wa Covid unaimitsa malirewo pa 81.5 miliyoni kwa zaka zitatu, ndipo amene analemba makontilakitiwo ankayembekeza kuti akwera. Koma mliri unagwera matimu onse. A Florida atenga chikho kawiri motsatizana, 2024 ndi 2025, popanda wosewera ngakhale mmodzi wopitirira madola 10 miliyoni: Aleksander Barkov 10, Tkachuk wanu uja 9.5, Sam Reinhart kuchepera 9. Inde, ku Florida boma la chigawo silidula msonkho pa malipiro ndipo kuno ku Ontario msonkho ndi wowawa. Chimenecho ndi chifukwa choti mukhale osamala kuposa anzanu, osati choti muzipereka ndalama zambiri n'kuwonjezerapo makiyi a chitseko.

Malonjezo ndiye tamva ambiri. Mu 2015 mphunzitsi wa nthawiyo, a Mike Babcock, anatichenjeza kuti kukubwera zowawa tisanaone zabwino, ndipo tinapirira. Mu 2018, Tavares atabwera, a Dubas anatitsimikizira kuti anayi onsewo awasunga, ndipo limenelo lokha ndilo lonjezo limene linasungidwa. Mu Meyi 2024, titagonja kwa Boston, a Brendan Shanahan, pulezidenti wa timu, anati chilichonse chikhoza kusintha, inu muli pambali pawo; anachoka ndi mphunzitsi Sheldon Keefe yekha, osewera anayi aja anabwerera onse. Chaka chino a Shanahan achoka, ndipo inu mwanena kuti chibadwa cha timuyi chiyenera kusintha. Pambuyo pa 2004 tapambana ndime ziwiri zokha za masewero achipulula. Chikho tinachiona komaliza mu 1967, ligi ili ndi matimu 6. Lero alipo 32.

Pabwino ndiyamikire. Tavares mwamusunga pa madola pafupifupi 4.4 miliyoni pachaka, kuchoka pa 11, atamwetsa zigoli 38. Matthew Knies mwamumanga zaka 6 pa 7.75 miliyoni asanakwere mtengo. Zimenezi ndi ntchito ya munthu wodziwa. N'chifukwa chake za Marner sindingazitche umbuli. Munkadziwa, koma munaopa phokoso la kumugulitsa mwana wa pakhomo, ndipo phokosolo labwerabe.

Tsono chimene ndikupempha ndi ichi. Matthews kontilakiti yake ikutha mu 2028, ndipo mfundo yoti sangasamutsidwe asanavomere munamupatsa ndi inuyo mu Ogasiti 2023, monganso munachitira ndi Nylander mu Januwale 2024. Pamenepa simungaloze a Dubas. Kuyambira 1 Julayi 2027 malamulo adzakulolani kumupatsa yatsopano. Musadikire tsiku limenelo kuti mudziwe maganizo ake. Mufunseni chaka chamawa, akadali ndi zaka ziwiri, ndipo ngati yankho lake ndi lakuti tiona, mupempheni mayina a matimu nthawi yomweyo. Munthu amene anamwetsa zigoli 69 m'chaka chimodzi asadzachoke kuno mmene wachokera Marner.

Mwayi wa m'ndime yoyamba wa 2028 musaukhudze. Mu Malichi mudzabwera mafoni okunyengererani kuti mutenge wachikulire wa miyezi itatu, akaneni. Malire a malipiro akwera kufika pa 95.5 miliyoni chaka chino, ndipo alengeza kale kuti adzafika 104 kenako 113.5. Ndalama zimene Marner wasiya musazimwaze kwa anthu apakatikati pa zaka zambirimbiri chifukwa chongofuna kuoneka kuti mwachitapo kanthu. Ndipo mfundo ija yoletsa kusamutsa munthu musamaigawe ngati ya aliyense. Amene akuifuna atsitse ndalama, amene akufuna ndalama zonse aisiye.

Chomaliza, masewero asanayambe mu Okutobala, khalani pamaso pa atolankhani, a Keith Pelley, mkulu wa kampani ya eni timuyi, ali pomwepo, mutiuze mapointi 102 aja achokera kwa yani, ndiponso achinyamata mudzawapeza kuti pamene mwayi wa 2026 ndi 2027 uli m'manja mwa Boston ndi Philadelphia. Mutchule mayina ndi zaka.

Ndine wanu,
Wochemerera Leafs wa ku Scarborough