Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre wokhudza matenda oiwalitsa okalamba

A Wapampando, a Gulupu, ndi inu nonse a komiti yathu yosamalira okalamba kuno ku Linthipe, zikomo pondituma. Zokambidwa zinali zambiri, koma ndikhazikika pa imodzi imene ikutikhudza ife: momwe akatswiri akugwiritsira ntchito kuwala poona chimene chikuononga ubongo wa agogo athu.

Gwero lake ndi mapuloteni. Ena mwa iwo akapindika molakwika amayamba kumatirirana, kupanga mibulu ngati ya m'phala losavundulidwa bwino. Pa matenda a Alzheimer, amene ndi ofala kwambiri mwa matenda oiwalitsa, olakwa ndi awiri: amyloid-beta, amene amaunjikana kunja kwa maselo a ubongo, ndi tau, amene amapiringizana mkati mwake. Pa matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja, wolakwa ndi alpha-synuclein. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza mibuluyi mu 1906, koma anaiona wodwala wake atamwalira kale. Chopweteka n'choti kuunjikanaku kumayamba zaka 15 mpaka 20 munthu asanayambe kuiwalaiwala. N'chifukwa chake akatswiri akulimbana ndi kukuona msanga.

Njira imene inandigwira mtima ndi ya utoto wachikasu wotchedwa Thioflavin T. Utotowu ukakhala wokha m'madzi suwala kwenikweni, poti mbali zake ziwiri zimangozungulira momasuka, mphamvu n'kumatayika. Koma ukalowa m'timipata ta ulusi wa mapuloteni omatirirana aja umapanikizika, ndipo akauunika ndi kuwala kwa buluu, cha pa 440 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala), umabweza kuwala kwamphamvu cha pa 482 nm. Makina amayeza kuwalako nthawi ndi nthawi. Mzere wake pa kompyuta umayamba uli phee kwa maola, kenako n'kukwera mwadzidzidzi, n'kudzaima mapuloteni omasuka akatha. Mankhwala ofuna kuyesedwa amathiridwa momwemo: akachedwetsa kukwerako, ndiye kuti pali chiyembekezo. Komabe utotowu suona bwino timagulu ting'onoting'ono toyambirira, ma oligomer, pamene ambiri akuganiza kuti timeneti ndi timene timapha maselo kwambiri.

Njira zina ziwiri zounikira, ya infrared (kuwala kosaoneka ndi maso) ndi ya Raman (yoyeza kuwala kumene kwabalalika kutagunda chinthu), sizifuna utoto. Zimayeza kunjenjemera kwa puloteni mwini wake, ndipo puloteni womatirirana amaonekera mosiyana ndi wabwinobwino. Ya Raman inachokera kwa C. V. Raman wa ku India, amene anaitulukira mu 1928. Apa masamu anachuluka, ndipo sindikuona kuti komiti yathu ingatolepo zambiri.

Imene yafika kale kwa odwala ndi RT-QuIC. Amatenga madzi a pamsana a wodwala, n'kuwasakaniza ndi puloteni wabwinobwino pamodzi ndi utoto uja, makina n'kumagwedeza. Ngati m'madzimo muli kambewu ka puloteni woipa, kamakopa wabwino uja kuti naye apindike, kuwala n'kukwera. Umu ndi momwe amapezera matenda osowa oononga ubongo mofulumira otchedwa Creutzfeldt-Jakob, ndipo tsopano njira yomweyi ikuthandiza pa Parkinson. Ndinaimirira kunena kuti kwathu anthu amaopa kwambiri kuchotsedwa madzi a pamsana. Anandiyankha kuti kafukufuku wogwiritsa ntchito khungu, za m'mphuno ndi magazi ali mkati.

Ndisakunamizeni, abale anga, makina amenewa sitiwaona posachedwa pa zipatala zathu zing'onozing'ono, ndipo mankhwala ochiziratu Alzheimer sanapezeke. Koma ulendowu sunapite pachabe. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalitsa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Ena mwa iwo ndi omwe timawayendera ife. Gogo akapezeka usiku pakhomo pa eni, asakudziwa kwawo, mwina ali chibadwire, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa lichero. Ine ndaona pa makina chimene chimachititsa zimenezi, ndipo mtima umandiwawa ndikaganiza za nkhalamba zimene zagendedwa chifukwa cha matenda. A Gulupu, lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Tikupempha kuti mulikumbutse pa bwalo, ife tidzafotokoze za ubongo.

Komanso si kuiwala konse kumene kuli Alzheimer. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, HIV, mowa ndi sitiroko nazo zimasokoneza mutu, ndipo zina mwa izi zili ndi chithandizo. Choncho ndikupempha kuti gogo aliyense amene wayamba kusochera kapena kubwerezabwereza mawu tizipita naye kuchipatala msanga, limodzi ndi wachibale amene angafotokoze pamene zinayambira, akayezedwenso BP ndi shuga. Pa msonkhano wathu ukubwerawu tigawane midzi, ndipo a Mlembi akonze kaundula wa okalamba oterewa, wosungidwa mwachinsinsi.